Kamera pachifuwa cha wapolisi: agule ndani, kiyi asunge ndani?

Munthu wa ku Chinyonga sasowa kukwera minibasi kuti akafike kumene kumagamulidwa nkhani za chitetezo chake. Chichiri ili pakhomo. Kumeneko kuli Civic Centre, kumene amakumana makhansala a mzinda wa Blantyre. Kuli likulu la apolisi la chigawo, bwalo lalikulu la milandu ndi ndende. Akalowera ku Kanjedza apeza sukulu imene apolisi ambiri a dziko lino anaphunzirira kuguba. Koma wapolisi wa trafiki ndi dalaivala akakangana pa msewu wa Masauko Chipembere, uyu n'kumati bwana anapempha kangachepe, uyo n'kumati anatukwanidwa ali pa ntchito, nyumba zonsezi zimangotsala ndi mawu a anthu awiri. Ndipo mawu a munthu wa yunifolomu ndi mawu a dalaivala salemera mofanana.

N'chifukwa chake nkhani ya makamera ovala pachifuwa imakoma m'makutu. Kachipangizo kake n'kolowa m'dzanja, kamakolekedwa pa malaya, kamajambula zithunzi ndi mawu n'kudinda tsiku ndi ola pa kanemayo. Wapolisi akaweruka amakaika pa chotchajira ku siteshoni, ndipo pamene batire likudzaza, zonse zimene kajambula zimasamukira kosungira. Ogulitsa amati kamera ndi mboni yosadya ziphuphu: imateteza nzika kwa wapolisi wankhanza, imatetezanso wapolisi wachilungamo kwa womunamizira. Kafukufuku wa Afrobarometer wasonyeza mobwerezabwereza kuti Amalawi akafunsidwa za katangale, apolisi amatchulidwa m'gulu loyambirira. Mboni yotereyi ingalandiridwe ndi manja awiri ku Ndirande, ku Bangwe ngakhale ku Machinjiri.

Koma wogula ndani?

Ku America, kumene malondawa anakulira, kuli nthambi za apolisi pafupifupi 18,000, zambiri mwa izo za mizinda ndi maboma ang'onoang'ono. Kamera imagulidwa ndi khonsolo, pa msonkhano umene munthu wamba amatha kulowa, kuimika dzanja ndi kufunsa mtengo. Msika unatentha mu 2014, wapolisi atawombera Michael Brown ku Ferguson popanda kanema wosonyeza mmene zinayendera. Mu Disembala chaka chomwecho Barack Obama anapempha madola 75 miliyoni othandizira mizinda kugula makamera 50,000. Kuno kwathu sizili choncho. Polisi ndi imodzi dziko lonse, likulu lake lili ku Area 30 ku Lilongwe, ili pansi pa unduna woona za chitetezo cha m'dziko, ndipo ndalama zake zimavomerezedwa ndi aphungu ku Nyumba ya Malamulo. Khansala angathe kuitana mkulu wa siteshoni ku msonkhano wa chitetezo, angadandaule, angapemphe, koma sangalamule wapolisi kuvala kanthu pachifuwa, ndipo pa tenda ya apolisi alibe voti. Anthu oposa 800,000 amene kalembera wa 2018 anawapeza mu mzinda wa Blantyre ali ndi khonsolo yawo, koma zogulira apolisi awo zimagamulidwa makilomita oposa 300 kumpoto.

Tisanapitirire ndi za wogula ndi ndalama zake, pali funso loti kodi chinthucho chimagwiradi ntchito. Mzinda umene ogulitsa amakonda kutchula ndi Rialto ku California. Kumeneko, mu 2012 ndi 2013, mkulu wa apolisi Tony Farrar pamodzi ndi akatswiri a ku yunivesite ya Cambridge anayesa makamera pa apolisi 54 okha. Madandaulo a anthu anatsika ndi 88 peresenti, ndipo kugwiritsa ntchito mphamvu pogwira munthu kunatsika ndi pafupifupi 60 peresenti. Manambala awiriwa anazungulira dziko lapansi, mpaka lero sasowa m'mapepala a otsatsa malonda. Umene otsatsawo satchula kawirikawiri ndi mzinda wa Washington, D.C., kumene kafukufuku wamkulu kwambiri, wa apolisi oposa 2,000, anatulutsa zotsatira zake mu 2017. Pakati pa ovala kamera ndi osavala panalibe kusiyana kooneka, kaya pa madandaulo kaya pa nkhanza.

Phunziro loyenera Malawi likuchokera ku Brazil, dziko limene apolisi ake amapha anthu masauzande chaka chilichonse. Ku São Paulo, pulogalamu ya Olho Vivo inaveka apolisi makamera ojambula osalekeza, kuyambira polowa ntchito mpaka poweruka, wapolisi osakhala ndi mphamvu yozimitsa. Akatswiri a Fundação Getulio Vargas anapeza mu 2022 kuti m'magulu ovala makamerawo, anthu ophedwa ndi apolisi anachepa ndi 57 peresenti. Ku Rocinha, dera lothithikana la mzinda wa Rio de Janeiro, batani linasiyidwa m'manja mwa wapolisi, ndipo ofufuza a ku Stanford anapeza kuti nthawi zambiri apolisiwo sankalidina n'komwe. Utsogoleri wa São Paulo utasintha, boma latsopano linafuna kugula makamera oyatsa wapolisi mwini, nkhani mpaka inakafika ku khoti lalikulu la dzikolo. Ku England ndi Wales nako, BBC mu 2023 inafukula malipoti oposa 150 a apolisi ozimitsa kamera pogwira munthu mwankhanza, otaya makanema, ndi ena otumizirana zithunzi za anthu pa WhatsApp. Chipangizo ndi chomwecho. Chosiyana ndi chala chimene chili pa batani, ndipo ameneyo ndiye kiyi woyamba.

Kiyi wachiwiri ndi wa kabati yosungira. Ku Chicago, mu Okutobala 2014, wapolisi anawombera mnyamata wa zaka 17, Laquan McDonald, zipolopolo 16. Kamera ya pa galimoto ya apolisi inajambula zonse, koma kanemayo anatsekeredwa miyezi 13 mpaka woweruza atalamula kuti atulutsidwe. Wapolisiyo anaimbidwa mlandu wakupha tsiku lomwe kanema anaonekera poyera. Apolisi amene anagwira George Floyd ku Minneapolis mu Meyi 2020 anali ndi makamera pachifuwa, koma chikalata choyamba cha polisi chinkanena za munthu amene anangodwala mwadzidzidzi. Bodzalo linagwetsedwa ndi foni ya mtsikana wa zaka 17 amene anaima m'mbali mwa msewu.

Amalawi zimenezi si zachilendo kwa iwo, pakuti kuno makanema sasowa. Mu Juni 2025, ku Lilongwe, anthu onyamula zikwanje anavulaza womenyera ufulu wa anthu a Sylvester Namiwa pa zionetsero, apolisi ndi asilikali ali chilili pomwepo. Mafoni anajambula, dzuwa lisanalowe kanema anali atafika m'magulu a WhatsApp ku Zingwangwa ndi ku Chilomoni, koma pamalopo sipanagwidwe munthu. Umboni unali mbwee. Woutola ndiye anasowa.

Ndiponso zoopsa zenizeni za polisi ya kuno sizichitikira pa msewu masana. Woimba Evison Matafale anafera m'manja mwa apolisi mu Novembala 2001. Robert Chasowa, wophunzira wa pa Polytechnic, anapezeka atafa pa sukulupo mu Sepitembala 2011. Apolisi anathamangira kunena kuti anadzipha, koma komiti yofufuza imene inakhazikitsidwa mu 2012 inapeza kuti anachita kuphedwa. Mu Febuluwale 2019 Buleya Lule, amene ankaganiziridwa pa mlandu wosowetsa mnyamata wachialubino ku Dedza, anafera m'chitokosi ku Lilongwe. Dokotala Charles Dzamalala atapima thupi lake anapeza kuti anaphedwa ndi magetsi, ndipo bungwe la Malawi Human Rights Commission linanena poyera kuti anazunzidwa. Mu Okutobala chaka chomwecho, gulu la anthu olusa litapha wapolisi Usumani Imedi ku Msundwe, apolisi anakhamukira ku Msundwe, Mpingu ndi M'bwatalika. Mu Ogasiti 2020 woweruza Kenyatta Nyirenda analamula boma kupereka chipukuta misozi kwa amayi ndi atsikana 18 amene anagwiriridwa ndi kuchitidwa zachipongwe kumeneko.

Wapolisi wopita kukachita zoterezi sayatsa kamera, ndipo ngati angathe amaisiya m'dirowa. Pa milandu ya mtundu umenewu funso loyamba limakhala lakuti: anatumidwa kumeneko ndani, pa galimoto iti, motsogozedwa ndi yani? Kamera ingayankhe funsolo ngati pali dongosolo lolemba kuti nambala yakuti yatengedwa ndi uje ola lakuti, ndiponso ngati kubwerako opanda kanema uli mlandu pawokha. Koma buku la pa kauntala lolembedwa moona mtima lingayankhenso funso lomwelo, pa mtengo wa cholembera. Ndipo pa imfa za m'chitokosi, kamera yothandiza si ya pachifuwa ayi, ndi ya pakhoma: m'chipinda chofunsira mafunso, m'khonde la chitokosi, ndi pa kauntala pamene pamaperekedwa belo, ija malamulo amati ndi yaulere koma achibale a womangidwa amadziwa mtengo wake. Kamera yapakhoma ndi yotsika mtengo, siyenda, sisowa kutchaja usiku uliwonse, ndipo n'kosavuta kufunsa chifukwa chake inazima Lachiwiri usiku. Imfa ya a Imedi ikukumbutsanso mbali ina: wapolisi nayenso amagwa m'manja mwa anthu olusa, ndipo kanema angathandize banja lake kupeza chilungamo.

Kanema akajambulidwa ayenera kupita kwa munthu amene sadya mbale imodzi ndi wojambulidwayo. Malamulo a dziko lino anamukonza kale munthu ameneyo. Lamulo la apolisi la 2010 linakhazikitsa Independent Complaints Commission, bungwe loima palokha lofufuza madandaulo a anthu pa apolisi, kuphatikizapo imfa ndi kuvulala kwa anthu ali m'manja mwawo. Koma panapita zaka 10 bungweli lili pa pepala pokha, lisanakhale ndi mkulu wake woyamba, a Christopher Tukula. Anthu 20 anaphedwa pa zionetsero za pa 20 Julayi 2011, Lule anafa, za ku Msundwe zinachitika, mpando uli wopanda munthu. Boma limene linachedwa chotero kudzaza mpando umodzi liyenera kufunsidwa mwachindunji ngati bungweli lidzakhale ndi khomo lakelake lolowera kosungira makanema, kapena lidzichita kulemba kalata ku Area 30 n'kumadikira yankho.

Tsopano ndalama. Apa ndi pamene makhonsolo ambiri a kunja anapunthwa, chifukwa ankayesa akugula katundu pomwe ankasaina ngongole ya zaka. Mu Epulo 2017 kampani ya Taser International inasintha dzina kukhala Axon, ndipo tsiku lomwelo inalengeza kuti ipereka makamera aulere kwa chaka chathunthu ku nthambi iliyonse ya apolisi ku America. Sikunali kukoma mtima. Phindu lili kosungira makanema, pa Evidence.com, kumene amalipiritsa chaka ndi chaka, ndipo nthambi ikasunga umboni wa milandu yake kumeneko, kusamuka kumavuta. Kamera ili ngati mita ya magetsi olipiriratu: kuikitsa ndi kamodzi, mayunitsi ndi mwezi ndi mwezi. Ku Indiana, lamulo la 2016 litanena kuti makanema azisungidwa masiku 190, apolisi a m'matauni a Clarksville ndi Jeffersonville anavula makamera amene anali atagula kale, ati sangakwanitse mtengo wosungira.

Masamu ake ndi osavuta. Ola limodzi la kanema wooneka bwino limadya gigabayiti imodzi kapena ziwiri. Makamera 100 okha, ojambula maola 8 pa tsiku, ndiye kuti magigabayiti osachepera 800 tsiku lililonse, 24,000 pa mwezi. Apolisi a ku London amafufuta pakatha masiku 31 kanema aliyense amene si umboni wa mlandu, koma wa mlandu amasungidwa mpaka mlandu utatha, ndipo aliyense amene anaperekezapo m'bale wake ku khoti kuno akudziwa kuti mlandu umatha kudya zaka. Zonsezi zimafuna intaneti yamphamvu pa siteshoni iliyonse, anthu olembedwa ntchito yoonera ndi kusanja makanema, ndi magetsi osazimazima. Namondwe Ana atawononga Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yopitirira chaka. Siteshoni imene imauza wodandaula kuti galimoto ilipo koma mafuta palibe, jenereta yotchajira makamera idzaithira chiyani?

Ndipo bilu yake imabwera m'madola. Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Mgwirizano wa zaka 5 wosainidwa zisanachitike zimenezi ukanakhala utafufuma kuposa kawiri m'makwacha, kamera zili zomwezo.

Unduna womwewo umene umayang'anira apolisi unalawa kale zowawa za makina amene kiyi wake suli m'manja mwa boma. Mu 2019 nthambi yoona zolowa ndi kutuluka m'dziko inasainirana ndi Techno Brain mgwirizano wa madola 60.8 miliyoni wopanga mapasipoti. Mlangizi wamkulu wa boma pa malamulo, a Thabo Chakaka Nyirenda, anauthetsa mu Disembala 2021. Kumayambiriro kwa 2024 kusindikiza mapasipoti kunaima kwa masabata ambiri. Pulezidenti Lazarus Chakwera anauza Nyumba ya Malamulo kuti akuba a pa intaneti alanda makinawo ndipo akufuna dipo, pamene ena ankati gwero lake ndi mkangano wa mgwirizano ndi malayisensi. Chilichonse chimene chinali choona, Amalawi ofuna kupita ku Joni, ku sukulu kapena ku chipatala kunja anagona pa mizere. Pasipoti ikachedwa munthu amasintha tsiku la ulendo. Umboni wa mlandu wakupha ukatsekeredwa pa seva ya kampani imene boma silinailipire, mlandu ungathere pomwepo.

Mbiri ya kagulidwe ka katundu wa apolisi ndiyo imachititsa munthu kugwira chikwama chake akamva za tenda yatsopano. Mu 2018 lipoti la bungwe lothana ndi katangale la ACB linatuluka mwakabisira, lonena za mgwirizano wa K2.7 biliyoni umene kampani ya Pioneer Investments inapatsidwa wogulitsa zakudya za apolisi, ndi K145 miliyoni imene inalowa mu akaunti ya chipani cha DPP, imene wosainira wake anali Pulezidenti Peter Mutharika. Pambuyo pake ACB inati a Mutharika sanapindule iwo eni ndi ndalamazo. Mu Juni 2022 a Chakwera anauza mtundu wa Amalawi kuti, malinga ndi ACB, pakati pa 2017 ndi 2021 apolisi ndi asilikali anapereka migwirizano 16 ya madola oposa 150 miliyoni ku makampani a Zuneth Sattar, ndipo anatchula galimoto ya madola 200,000 imene boma linagula pa madola oposa 1.7 miliyoni. Mkulu wa apolisi a George Kainja anachotsedwa ntchito, kenako anamangidwa ndi ACB. A Sattar amakana kulakwa kulikonse, ndipo milandu ndi ya makhoti kugamula. Koma taonani katundu wake: zakudya za m'mapaketi ndi magalimoto, zinthu zimene mtengo wake munthu angaufufuze pa foni. Nanga pulogalamu ya pa kompyuta, layisensi ya pachaka, maphunziro a ogwiritsa ntchito, malo osungira pa intaneti, ndani pa komiti yogula katundu angatsutse kuti mtengo wakwezedwa?

Lamulo la 2017 la kagulidwe ka katundu wa boma linakhazikitsa bungwe la PPDA ndi kunena kuti njira yoyambirira ndi tenda ya poyera. Koma katundu akangotchedwa wa chitetezo cha dziko, makomo amayamba kutsekeka, makampani oitanidwa amachepa, nthawi zina n'kutsala imodzi. Mfuti ndi zipolopolo mwina zili ndi chifukwa chake. Kamera imene cholinga chake ndi kuika ntchito ya apolisi pa mbalambanda ilibe chifukwa chogulidwira mumdima.

Pali chinanso chimene mawu akuti zipangizo zamakono za apolisi amabisa. Kamera ya pachifuwa imagulitsidwa ngati diso loyang'ana wapolisi, koma galasi lake limaloza kwa nzika, ndipo zipangizo zina zonse za m'sitolo yomweyo zimaloza komweko. Uganda inawononga madola pafupifupi 126 miliyoni pa makamera a m'misewu a Huawei, mkulu wina wa apolisi Andrew Felix Kaweesi ataphedwa mu 2017. Mu Ogasiti 2019 nyuzipepala ya Wall Street Journal inalemba kuti amisiri a Huawei anathandiza maboma a Uganda ndi Zambia kutchera khutu otsutsa boma, kuphatikizapo Bobi Wine, kampaniyo inakana. Kuno, makina a CIRMS amene bungwe loyang'anira za mauthenga la MACRA linagula kwa Agilis International anthu anawatcha makina aukazitape, ndipo anakhala zaka akukokanakokana m'makhoti. Mu Januwale 2025, chisankho chili pafupi, kunamveka za mgwirizano wa madola 1.5 miliyoni pakati pa MACRA ndi Hashcom ya ku Ghana, wa makina olondola nkhani zabodza pa masamba a mchezo. Mu Epulo 2022 apolisi anagwira mtolankhani Gregory Gondwe ku Blantyre, n'kumulanda foni ndi kompyuta, kufuna kudziwa amene anamupatsa chikalata chokhudza malipiro a kampani ya Sattar. Ndalama zoyang'anira nzika zimapezeka msanga. Zoyang'anira wapolisi zimadikira bajeti ya chaka chamawa.

Ngakhale kamera yogulidwa ndi mtima wabwino ili ndi minga yake. Imalowa m'nyumba ya mayi amene wamenyedwa ndi mwamuna wake, imajambula mwana wogwiriridwa akufotokoza ku ofesi yothandiza ozunzidwa, imajambula nkhope ya mnansi amene watsina khutu apolisi za mbava za m'dera. M'tauni mmene zithunzi za oganiziridwa mlandu zimayenda pa WhatsApp asanaonekere ku khoti, kanema wotere akangotuluka, wotsina khutuyo sagonanso m'nyumba mwake. Lamulo loteteza zinsinsi za anthu linayamba kugwira ntchito mu Juni 2024, ndipo woliyang'anira ndi MACRA yomweyo imene imagula makina olondola anthu.

Nanga khonsolo ilibe gawo? Ilipo, ndipo chitsanzo chili ku South Africa. Polisi ya dziko lonse kumeneko yakhala ikulonjeza makamera kuyambira 2019. Nduna Senzo Mchunu anadzauza aphungu kuti ayamba mu 2025 ndi makamera 100 pa chaka, iliyonse pafupifupi R29,000, m'polisi ya anthu oposa 100,000. Mzinda wa Cape Town sunadikire. Mu 2023 unayamba kuveka makamera 800 apolisi ake a mzinda, a trafiki ndi osungitsa malamulo a khonsolo, n'kuika ena 290 m'magalimoto. Unayambira pa anthu amene umawalipira okha.

Khonsolo ya Blantyre nayo ili ndi anthu ake amene amakhudzana ndi nzika tsiku ndi tsiku: otolera ziphaso m'misika, alonda, ndi aja othamangitsa mavenda m'misewu ya Limbe ndi Blantyre. Kuyambira pa Operation Dongosolo mu 2006, mpikisano wa venda ndi galimoto ya khonsolo sunathe, ndipo dandaulo limakhala lomwelo: katundu analandidwa, risiti panalibe, tomato ndi zovala za kaunjika zinalowera kosadziwika. Apa khansala ali ndi voti, bajeti imakambidwa ku Civic Centre, ndipo makamera ochepa pa gulu lolanda katundu angayesedwe chaka chimodzi n'kuwerenga ngati madandaulo achepa. Makhoti anatsegula kale njira yoteteza anthu a mumsewu. Mu Januwale 2017, pa mlandu wa Mayeso Gwanda, venda wa majumbo amene anagwidwa m'bandakucha akupita ku msika, bwalo lalikulu linathetsa gawo la lamulo la vakabu. Mu 2022 woweruza Zione Ntaba anagamula kuti kusesa anthu mwachisawawa ndi kosemphana ndi malamulo. Zigamulo zimenezi zimafa ngati palibe njira yodziwira chimene chinachitika pa msewu 4 koloko m'mawa.

Komabe khansala woona mtima ayenera kuika kamera pa sikelo ndi zinthu zina. M'madera ambiri a mzindawu chitetezo cha usiku chili m'manja mwa achitetezo cha m'mudzi, anyamata a tochi, wezulo ndi chibonga amene makomo amawasonkhera mwezi ndi mwezi. Iwowa ndi amene amayamba kugwira woganiziridwa, ndipo nthawi zina ndi amene amayamba kumumenya. Palibe tenda imene idzawaveke kamera. Pa msewu wopanda nyale napo kamera imangojambula mdima ndi mawu. Ndalama za makamera 100 ndi kosungira kwake zingayatse nyale zingati kuchokera ku Chinyonga kukafika ku Kanjedza ndi funso limene mainjiniya a khonsolo angayankhe tsiku limodzi, ndipo liyenera kuyankhidwa tenda isanalembedwe.

Ikalembedwa, ya khonsolo kaya ya ku Area 30, zofunika kuwerenga sizili pa tsamba loyamba pamene pali chithunzi cha kamera. Zili m'kati: mtengo wa zaka zonse za mgwirizano osati wa chaka choyamba chokha, ndalama yolipirira ngati ndi kwacha kapena dola, dziko limene kuli seva, mwini wa makanema mgwirizano ukatha, masiku amene wojambulidwa kapena loya wake angadikire kuti aone kanema wake, ndi chilango cha wapolisi amene kamera yake imadwala nthawi yokhayo imene munthu wathyoka nthiti. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza nkhani za boma linayamba kugwira ntchito pa 30 Sepitembala 2020, ndipo limalola munthu aliyense, kaya ndi komiti ya msika kaya ndi gulu la oyendetsa kabaza, kulemba kalata yopempha chikalata cha mgwirizano wotere. Ofesi ikakana ponena kuti ndi nkhani ya chitetezo cha dziko, dandaulo limapita ku Malawi Human Rights Commission, ndipo likakanika kumeneko limapita ku khoti.